Nthawi ya Kujambula Imapatulidwa Ngati Mbewu

M'nyumba zambiri muli kope lomwe linagulidwa ndi cholinga chabwino, koma mpaka lero lili pansi pa sutikesi, masamba awiri okha ndiwo ogwiritsidwa ntchito. Kwathu linalipo. Ndinaligula pamodzi ndi mapensulo awiri tsiku lomwe ndinaona mnyamata wina pa depoti akujambula pamanja gogo wogulitsa nthochi. Nkhope ya gogoyo inkatuluka papepala ine ndikuona, makwinya ndi mpango womwe. Ndinadziuza kuti ndikapeza mpata, luso limeneli ndidzaliphunzira. Panatha zaka ziwiri mpatawo osaoneka. Sunali ulesi ayi. Ndinkadzuka m'mamawa, n'kugona nditatopa, monga muchitira inu. Cholakwika chinali mawu oti "ndikapeza" aja.

Tiyeni tipite kunkhokwe, poti kumeneko tonse tikudziwako. Mlimi akakolola sayamba wadya kuti adzaone ngati chotsala chingakhale mbewu. Amadziwa kuti cha m'nkhokwe sichitsala. Kubwera alendo, kugwa maliro kwa aneba, kufunika fizi ya mwana, anankafumbwe nawo atengako gawo lawo, ndipo pofika Okutobala pansi pa nkhokwe payamba kuoneka. N'chifukwa chake agogo athu ankasankhiratu chimanga chachikuluchikulu, chodzaza bwino, n'kuchimangirira kudenga la khitchini pamwamba pa moto kuti utsi uzichisunga. Chimenecho ngakhale njala ilume bwanji sachigwira. Ndipo taonani kuchepa kwake: ekala yathunthu imafuna mbewu ya makilogalamu 10 okha, osafika ndi theka lomwe la thumba.

Tsiku lanu ndi nkhokwe yomweyo. Amatapamo abwana kuntchito, amatapamo ana, mpingo, achibale, msika, foni. Ambiri mwa otapawa si akuba. Ali ndi gawo lawo loyenera, ndipo munthu wokana kupita kumaliro chifukwa akujambula duwa sitingamuyamikire. Koma mukadikira kuti onsewa ayambe akhuta, madzulo mudzapeza nkhokwe ili gwaa, inu maso akulemera ndi tulo. Nthawi ya chinthu chomwe mtima wanu ukufuna iyenera kupatulidwa tsiku lisanayambe kudyedwa, ndipo isakhale yambiri. Ine ndinayamba ndi mphindi 15.

Mwina mukuti mphindi 15 n'chiyani, si nthawi yongowiritsira madzi a tiyi? Tawerengani nane. Pa sabata zikwana ola limodzi ndi mphindi 45. Pa chaka zipitirira maola 90, omwe ndi ofanana ndi masiku 11 athunthu a ntchito ya maola 8. Palibe bwana kapena munda womwe ungakupatseni masiku 11 kuti mukakhale pansi n'kumajambula. Koma mphindi 15 ngakhale mwana woyamwa amalola.

Mbewu ija imakhala ndi malo ake kudenga, saiika apa lero, apo mawa. Mphindi zanunso zipezereni msomali wozipachikapo, ndipo msomali wabwino ndi chinthu chomwe chimachitika kale tsiku lililonse popanda kukumbutsidwa. Ena ndi pomwe angomaliza kumwa tiyi, asanatulutse njinga. Ena ndi pomwe atereka nyemba, poti nyemba sizifuna munthu woimirira pambali. Mphunzitsi angasankhe nthawi yomwe ana aweruka, kalasi ili zii. Ine ndinasankha m'mawa pakhonde, dzuwa litangotuluka, chifukwa kuwala kumakhala kokwanira popanda magetsi, ndiponso anthu amakhala asanayambe kuodira. Chinanso chomwe ndinaphunzira mochedwa ndi ichi: pensulo isongoledwe usiku, kope likhale potsegula pamalo pomwe mukhale. Wopita kumunda m'bandakucha sayamba kufunafuna mpini nthawi yomweyo. Khasu limagona pakhomo litakhomedwa kale. Mukayamba kusaka lezala m'madilowa, mphindi zanu zithera komweko.

Pali ena omwe amati, ine za pang'onopang'ono sindizitha, bola ndidzakhale Loweruka lonse. Ndinayesapo, ndipo ndikumvetsa kukoma kwa ganizoli. Koma kumbukirani mvula. Ikagwa yamkuntho kwa ola limodzi, madzi amathamanga pamwamba, kudula mizere, kukokolola nthaka, ndipo mukakumba mawa lake mupeza pansi pali pouma. Mvumbi wa masiku atatu suchita phokoso, koma umafika kumizu. Dzanja ndi diso zimaphunzira ngati nthaka: zimamwa pang'ono, zipume, zimwenso. Izi anaziyesapo ndithu. Mu 1978 katswiri wa za kaganizidwe ka munthu, Alan Baddeley, ndi mnzake anafalitsa zomwe anapeza pophunzitsa ogwira ntchito zamtengatenga wa makalata ku Britain kutayipa. Ena ankaphunzira ola limodzi pa tsiku, ena mpaka maola anayi. Powerenga maola onse omwe aliyense anathera pa makinawo, a ola limodzi aja ndiwo anafika pa luso ndi maola ochepa. Kuwonjezera apo, Loweruka kwathu kuno lili ndi eni ake: ukwati, chinkhoswe, kuchapa, msonkhano wa kumpingo. Likaphonyeka limodzi ndiye kuti papita masabata awiri pensulo isanagwidwe.

Tsono mwakhala pansi, kope lili pamwendo. Mujambula chiyani? Apa ndi pomwe ambiri amataya nthawi yawo, kuganizira chinthu chokongola choyenera kujambulidwa. Musapite kutali. Tengani m'phika wa ndiwo, muuike patebulo kapena pampando patsogolo panu, kutalika kwa mikono iwiri kapena itatu.

M'phika umenewu ukuphunzitsani chinthu chachikulu kwambiri pa luso lonseli. Mutu wanu ukudziwa kuti kukamwa kwa m'phika ndi kozungulira, ndiye dzanja lifuna kulemba chozungulira ngati mwezi wathunthu. Koma tayang'anani bwino pomwe mwakhalapo. Kukamwako sikukuoneka kozungulira. Kukuoneka kophwatalala, ngati dzira logona chammbali, mwinanso kupyapyala kuposa apo. Mukaimirira kumafutukuka, mukagwada kumatsala kamzere chabe. M'phika sunasinthe, chasintha ndi pomwe pali diso lanu. Zomwe mutu ukudziwa ndi zomwe diso likuona zimakangana, ndipo kuphunzira kujambula ndiko kuzolowera kumvera diso.

Pali njira yothetsera mkanganowu, yofanana ndi chingwe cha mmisiri womanga nyumba. Tambasulani mkono wonse mutagwira pensulo chopingasa, tsinzinani diso limodzi. Nsonga ya pensulo ilunjike kumapeto kwa m'phika kumanzere, chala chachikulu chitsetsereke pa pensuloyo mpaka chilunjike kumapeto kwa kumanja. Umenewo ndiwo muyeso wa m'lifupi. Osasuntha chalacho, imikani pensulo choongoka, muone kuti msinkhu wa m'phika ukufika pati pa muyeso uja. Mwina ndi theka, mwina kupitirira pang'ono. Yesaninso kufutukuka kwa kukamwa kuja. Ine tsiku loyamba ndinadabwa kupeza kuti kunali kosakwana ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a m'lifupi mwake, pomwe papepala ndinali nditakulemba pafupifupi kozungulira. Chigongono chisapindike poyesa, chifukwa mkono ukafupika muyeso umanama. Mukatero lembani timadontho tinayi papepala, kumanzere, kumanja, pamwamba ndi pansi, kenako muzilumikiza mopepuka, osakanikiza pensulo. Mzere wolakwika musathamangire kuufufuta. Lembani wolondola pambali pake, chifukwa wolakwika uja ndiwo ukukuuzani pomwe simuyenera kudutsanso.

Mawa lake m'phika womwewo, koma muyang'ane mbali yomwe kuwala kukuchokera ndi mbali yomwe kuli mthunzi. Mkuja muuvundikire. Tsiku lina muikemo chipande. Sabata yonse itha ndi chiwiya chimodzi, ndipo simunatayeko mphindi ngakhale imodzi kudzifunsa chojambula.

Za zipangizo musade nazo nkhawa. Pensulo ya ana asukulu, yolembedwa HB pambali, ndi yokwanira. Mtima wa pensulo ndi mwala wakuda wofewa wotchedwa graphite wosakaniza ndi dongo, njira yomwe Nicolas-Jacques Conté wa ku France anayambitsa mu 1795. Dongo likachuluka pensulo imalimba n'kumalemba motuwa, ndiyo ya H. Likachepa imafewa n'kumalemba mwakuda, ndiyo ya B. Mukadzapeza 2B idzakuthandizani pa mithunzi. Mukapanda kuipeza, khala la pa mbaula limadetsa bwino kwambiri, ndipo kuseri kwa kalendala yakale kapena katoni ndi pepala ndithu.

Ndikuuzeni zoona: zojambula zanu zoyamba sizidzakusangalatsani. M'phika udzapendekeka, mbali imodzi idzatupa. Apa ndi pomwe makope ambiri amabwerera m'sutikesi, mwini wake atagamula kuti luso ndi lobadwa nalo. Koma ndani mwa ife anaiwala nsima yoyamba ya mwana wamkazi wa m'nyumba muno? Inali ya mibulu, pena yosapsa, pansi yopserera. Mayi ake sanamulande mthiko n'kunena kuti uyu sanabadwe wophika. Anamupatsa kam'phika kakang'ono, namuuza kuti ufa azithira pang'onopang'ono, phala liyambe labwata, ndipo mawa aphikenso. Lero amavundula nsima ya anthu khumi uku akucheza, osayang'ana n'komwe. Palibe tsiku lomwe mungaloze kuti luso linabwera lero. Linalowa m'mkono ndi kubwereza.

Choncho tsamba lililonse muzilembapo deti pakona, ndipo musang'ambe ngakhale limodzi. Mwana amene mumakhala naye tsiku ndi tsiku simuona kuti akukula. Amaona ndi mlendo yemwe anabwera chaka chatha. Masamba akale ndiwo mlendo wanu. Pakatha mwezi jambulaninso m'phika uja, muyerekeze ndi wa tsiku loyamba.

Njinga nayo ili ndi phunziro lake. Musanawerenge mopitirira, yesani kujambula njinga osaiyang'ana. Mwakhala mukuikwera kuyambira ubwana, mwina mumaikonza nokha. Komabe mukagwira pensulo muyamba kukayika: kodi tcheni chimafika ku gudumu liti, mapedulo ali pati kwenikweni, zitsulo za felemu zimakumana motani pansi pa chishalo? Anthu ambiri amalumikiza tcheni ku magudumu onse awiri, njinga yoti singakhote n'komwe. Izi zikusonyeza kuti zinthu zomwe timakhala nazo timazidziwa ndi dzina ndi ntchito, koma maonekedwe ake sitinawayang'anitsitsepo. Tsono tulutsani njingayo, muitsamiritse kukhoma, mujambule mipata ya pakati pa zitsulo m'malo mwa zitsulozo: mpata waukulu wa makona atatu pakati, wina wocheperapo kumbuyo. Mipata ilibe mayina, ndiye mutu sulowererapo, diso limagwira ntchito lokha. Mphunzitsi wina wa ku America, Betty Edwards, m'buku lake la mu 1979 lotchedwa Drawing on the Right Side of the Brain, amauza ophunzira kuti atembenuze chithunzi chadodolido n'kuchikopera chili chomwecho, pa chifukwa chomwechi.

Ndipo monga wophunzira njinga amagwa akamayang'ana gudumu lakutsogolo m'malo moyang'ana njira, wophunzira kujambula amasokera akamangoyang'ana pepala. Maso azikhalitsa pa chinthucho, papepala azingobwera kudzaona pomwe dzanja lafika. Za mavidiyo a pa YouTube ndinene mwachidule: alipo abwino, koma kuonerera a kabaza tsiku lonse sikuphunzitsa munthu kupalasa. Ngati muonera, muonere nthawi ina. Mphindi 15 zija ndi za pensulo m'dzanja, foni ili m'chipinda china.

Kuchigayo tonse tinadikirapo. Mwafika ndi thumba lanu, mzere ndi wautali, kenako magetsi athima, ndipo palibe akudziwa kuti ayaka liti. Nthawi yotere ilipo yambiri pa moyo wathu: pa mzere wa kuchipatala, m'minibasi yodikira kudzaza, kubanki kumapeto kwa mwezi. Kakope kolowa m'thumba la malaya kamasandutsa nthawi imeneyi kukhala yanu. Pachigayo pali zojambula zosatha: matumba otsamirana, ndowa, malichero, mayi wokhala pa thumba lake mwana ali kumsana, ufa woyera pa nsidze za wogayitsa. Anthu sakhala chete, ndiye mumaphunzira kugwira kaimidwe ka thupi ndi mizere isanu kapena isanu ndi umodzi asanasunthe. Nkhope ya munthu musaijambule osapempha, ndi ulemu womwewo womwe timapereka tisanajambule munthu ndi foni. Koma nthawi ya pachigayoyi muiyese ndiwo zapadera, zobwera mwamwayi. Isalowe m'malo mwa mbewu ija, chifukwa tsiku lina mudzapeza chigayo chili chopanda mzere.

Chigayo chomwecho sichilandira chimanga, mpunga ndi mtedza nthawi imodzi. Mtima ukangotseguka umafuna zonse: kujambula, gitala, kusoka, chilankhulo chatsopano. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Thirani chimodzi kwa miyezi itatu, zinazo zidikire pa mzere.

Nanga dzinja likafika? Disembala ndi Januwale, kupalira kuli pakati, kuthira feteleza, kubandira, munthu amachoka kumunda msana utauma. Wa mu ofesi naye ali ndi dzinja lake kumapeto kwa chaka, wa bizinesi nyengo ya zikondwerero, ndipo kholo lililonse limadziwa sabata yomwe mwana wadwala malungo. Pamenepo musadzikakamize mphindi 15, komanso musazimitse moto. Amayi athu akamaliza kuphika usiku ankakwirira chikuni ndi phulusa, kuti m'mawa angouzira, osapita kukapala moto kwa aneba. Chikuni chanu ndi mphindi ziwiri: tsamba limodzi la chigwada, supuni, chala chanu chachikulu. Si chithunzi choonetsa anthu, ndi chongosunga dzanja kuti lisaiwale njira ya ku kope. Tsiku likakudutsani osajambula konse, musalibweze mawa ndi mphindi 30 ngati ngongole ya katapira. Ingoyambirani pomwe muli. Kukolola kukatha, Juni ndi Julayi, masiku amamasuka okha, ndipo mutha kuwonjezera.

Pali nkhani ina yomwe sindingailumphe, chifukwa m'nyumba nthawi sigawidwa mofanana. Bambo akachoka kuntchito amatha kukhala pa bawo kapena kumvera mpira pa wailesi, palibe womufunsa. Mayi akakhala pansi ndi kope, pasanathe mphindi zitatu wina wafuna madzi osamba, wina wasowa yunifolomu. Ngati wofuna kuphunzira m'nyumba mwanu ndi mayi kapena mtsikana, mphindi zake sizingapatulidwe ndi iye yekha. Zimafuna kuti banja ligwirizane, monga limagwirizanira kuti chimanga cha kudenga chija sichikazingidwa. Abambo anzanga, kunyamula mwana kwa kotala la ola kapena kusonkhezera moto sikuchotsa ulemu wa munthu. Ndipo inu ofuna kuphunzira, nenani poyera: nthawi yakuti ndikhala pakhonde, ndikamaliza ndibwera. Ana amazolowera msanga, ndipo kawirikawiri amabwera ndi mapepala awo kudzakhala pambali.

Adzapezeka onena kuti zojambulajambula ndi zachibwana, munthu wamkulu azichita zobweretsa ndalama. Muwakumbutse za mapiri a Chongoni ku Dedza, komwe kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala, omwe bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, zoyera ndi makolo a Achewa, zambiri zokhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Ojambula zoyerazo anali alimi, ankalima ndi kusinja ngati ife, ndipo ena mwa iwo anali amayi. Ku Mua, pa Kungoni pomwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, anthu a m'midzi yozungulira aphunzira kusema ndi kujambula mpaka ena kudyetsa nazo mabanja. Koma ngakhale chithunzi chanu chisadzagulidwe ndi munthu, si chifukwa chochilekera. Maluwa omwe mayi amadzala pakhomo sadyedwa, koma palibe amawazula.

Za msinkhu nazo zisakutsekerezeni. Vincent van Gogh, yemwe zithunzi zake dziko lonse limazidziwa lero, anatsimikiza zophunzira kujambula mu 1880 ali ndi zaka 27, atalephera ntchito ya ulaliki pakati pa okumba malasha ku Borinage m'dziko la Belgium. Anayamba ndi kukopera mobwerezabwereza zithunzi zophunzirira za Charles Bargue, ndipo zoyamba zake zinali zolimba, zosaongoka. Pomwe ankamwalira mu 1890 anali atasiya zojambula papepala zoposa 1,000, osawerengera za penti. N'zoona kuti iye anali ndi mng'ono wake Theo womutumizira ndalama, ndiye ankajambula tsiku lonse. Ife tili ndi minda ndi mabanja, liwiro lathu silingafanane ndi lake. Chomwe ndikutengapo n'chakuti anayamba ali wamkulu kale, ndipo anayambira pa kukopera ndi kuyesa miyeso, pomwe inunso muyambire.

Kope langa loyamba lija linadzaza, ndili pa lachinayi. Sabata ino ndikulimbana ndi manja a mayi anga akutonola chimanga pa mphasa. Manja ndi ovuta kuposa m'phika ndi njinga, chifukwa zala zimabisana, ndipo chala cholunjika kwa iwe chimaoneka chachifupi kuposa mmene mutu ukuchidziwira. Ndawapempha kuti akafika pakati pa chitsononkho aziima pang'ono kuti ndiyese ndi pensulo kutalika kwa chala chachikulu poyerekeza ndi chikhatho. Amaima, kenako amaiwala n'kupitiriza kutonola, ndipo ndimadikira kuti dzanja libwererenso pomwe linali. Dzulo anatenga kopelo, naliyang'ana nthawi yaitali, n'kundionetsa kuti mfundo ya chala chawo chapakati, chomwe chinathyoka ali mtsikana, ndaiongola. Mawa m'mawa ndiyambira pa mfundo imeneyo.